Nyumba za gulu: kumanga pamodzi, kukhala pamodzi

Nyengo yokolola ikatha ku Mualadzi, m'boma la Chifunde, achinyamata ena amakwera galimoto kupita ku mzinda wa Tete kukafuna ntchito. Amakapeza kachipinda ka lendi ku Matundo kapena ku Chingodzi. Mwezi ukatha, mwini nyumba ali pakhomo kufuna zake. Zaka zimapita, ndalama zimapita, koma nyumbayo siikhala yawo.

Njira ina ilipo. Mabanja angapo amapanga gulu, amasonkha ndalama, amapeza malo amodzi ndi kumangapo nyumba zazing'ono zoyandikana. Banja lililonse limakhala ndi khomo lake, koma mpopi, njira, bwalo ndi dzenje la zinyalala ndi za onse. Gulu lotere likalembetsedwa ku boma limatchedwa koperativa.

Anansi athu a ku Malawi anayamba kale kumanga pagulu. Mu 2003, amayi a ku Mtandire, mu mzinda wa Lilongwe, anayamba kusunga ndalama pamodzi, pang'onopang'ono. Magulu awo anachuluka ndipo bungwe la CCODE linawathandiza. Atapatsidwa malo ku Area 49, anaumba okha zidina ndi kumangirana nyumba. Ndalama zogulira malata ankabwereka ku thumba lotchedwa Mchenga. Wobwereka akabweza, wina amapeza pobwereka. Ku Blantyre anamanganso nyumba zotere ku Angelo Goveya.

Kodi kuno ku Mozambique malamulo akuti chiyani? Lamulo la malo la 1997 likuti nthaka ndi ya boma, ndipo siigulitsidwa. Chimene munthu kapena gulu limalandira ndi ufulu wogwiritsa ntchito malo, umene pa Chipwitikizi amautcha DUAT. Amayi nawo ali ndi ufulu umenewu mofanana ndi abambo. Palinso lamulo la makoperativa la 2009. Mu koperativa, membala aliyense ali ndi voti imodzi. Wosonkha zambiri saposa mnzake pa msonkhano.

Komatu kumanga ndi mbali imodzi chabe. Mayeso enieni amabwera anthu akalowa m'nyumba. Mpopi ukawonongeka, akonze ndani? Wina akatsegula wailesi usiku wonse, amuuze ndani? Membala akalephera kubweza ngongole chifukwa cha matenda, gulu lichite bwanji? Nanga bambo akamwalira, mayi ndi ana atsala m'nyumbamo, kapena achibale adzawathamangitsa?

Mafunso amenewa ayankhidwe njerwa yoyamba isanaikidwe. Mayankho ake alembedwe m'malamulo a gulu, ndipo awerengedwe mokweza pamaso pa onse, m'chinenero chimene onse amamva. Mawu apakamwa amaiwalika, makamaka pa tsiku la mkangano.

Ndalama nazo zimafuna maso ambiri. Msungichuma asakhale yekha ndi buku. Metikali iliyonse yolowa kapena yotuluka ilembedwe, ndipo wosonkha alandire lisiti. Atsogoleri asankhidwe ndi mamembala, ndipo nthawi yawo ikatha, chisankho chichitikenso.

Apa ndi pamene maphunziro anu a kuwerenga ndi kulemba amagwira ntchito. Musanasaine kapena kudinda chala, werengani. Yang'anani ngati dzina lanu lili m'kaundula wa mamembala. Funsani kuti muone chikalata cha DUAT, ndipo muone dzina lolembedwapo: kodi ndi la gulu, kapena la munthu mmodzi? Ngati mawu a Chipwitikizi akuvuta, pemphani mphunzitsi wanu akuthandizeni. Kufunsa si kunyoza atsogoleri. Ndi udindo wa membala.

Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Kumudzi timadziwa kale kufolererana nyumba ndi kulimirana minda. Mu mzinda, mgwirizano womwewo umafuna buku, cholembera ndi anthu odziwa kuwerenga zimene zalembedwamo.