Mazira Alipo, Koma Sakhwima: Za Matenda a PCOS

M'mipingo yathu muli amayi amene akhala pabanja zaka zambiri osaona mphatso ya mwana. Anthu amanong'ona za ufiti, ndipo akuchimuna amayamba kulankhula za mkazi wina. Komatu kwa ena mwa amayiwa gwero la vutoli ndi matenda amene madokotala amawatchula mwachidule kuti PCOS, ndipo chithandizo chake chilipo.

Madokotala awiri a ku Chicago, Irving Stein ndi Michael Leventhal, ndiwo anawafotokoza mu 1935. Mu 2025 bungwe la WHO linati amagwira amayi 6 mpaka 13 mwa 100 alionse a msinkhu wobereka, ndipo ambiri sadziwa kuti ali nawo. Msambo umabwera mwa apo ndi apo. Ena amatuluka ziphuphu ngakhale ndevu chifukwa mahomoni achimuna achuluka m'thupi. Chodabwitsa n'chakuti mayi wotere sasowa mazira. Akamuunika m'mimba amapeza timatumba tambirimbiri ta mazira, koma taima panjira, osakhwima.

Nanga dzira limene lakhwima limakhala labwino? Apa tiyenera kunena za majini. Mawuwa asatisokoneze, abale ndi alongo: sitikunena mizimu ija ayi, koma malangizo a chibadwa olembedwa m'selo lililonse la thupi. Selo siliwerenga malangizo onse nthawi imodzi, monga momwe buku lathu lilili ndi nyimbo mazanamazana koma pa mapemphero timaimbapo zowerengeka. Dzira likamakula limakopera malangizo amene likufuna n'kuwasunga ngati kamba wapaulendo, chifukwa ndiwo amatsogolera masiku oyambirira a moyo watsopano, majini a mwanayo asanayambe kugwira ntchito cha pa tsiku lachitatu.

Mu 2007 Jennifer Wood ndi anzake ku America anayerekeza mazira okhwima a amayi a PCOS ndi a amayi ena. Powayang'ana ndi makina okulitsa zinthu, mazirawo anali ofanana. Koma atafufuza m'kati anapeza majini 374 amene ankawerengedwa mosiyana, ena mwa iwo othandiza kuti malangizo a chibadwa agawike bwino selo likamagawikana. Amayi amene anayezedwa anali ochepa, choncho tisafulumire kunena kuti dzira lililonse n'lowonongeka. Ambiri a PCOS amatenga pakati n'kubereka ana athanzi. Akatswiri amaganiza kuti dzira limasokonezeka chifukwa cha madzi amene limakuliramo, momwe mwachuluka mahomoni achimuna ndi insulini.

Kwa ife mfundo imeneyi ndiyo yolimbitsa mtima, pakuti majini sitingawasinthe koma malo okulira dzira tingawakonzeko. Mayi wonenepa akatsitsa makilogalamu 5 pa 100 alionse a thupi lake, kawirikawiri msambo umayamba kubwera bwino. Palinso mapiritsi othandiza dzira kukhwima. Pa kafukufuku wa amayi 750 amene anafalitsidwa mu 2014, mwa amene anamwa letrozole amayi pafupifupi 28 mwa 100 anabereka ana amoyo, pamene mwa amene anamwa clomiphene anali 19.

Mankhwalawa ngofunika kuwalandira kwa dokotala, osati kugula pamsika. Ndipo banja lipite limodzi, bambo nawonso akayezedwe, chifukwa vuto likhoza kukhala mbali zonse ziwiri. Mayi akapezeka ndi PCOS apemphenso kuyezedwa shuga, popeza matendawa amakonda kubwera pambuyo pake, ngakhale atabereka kale.