Alembi a kalembera wa nyama

Kalembera wa anthu ndi wosavuta: wolemba amagogoda pakhomo, mwini nyumba n'kumuyankha. Nyama siziyankha. Zina zimabisala, zina zimangoyenda usiku, zina zimathawa munthu akadali kutali. N'chifukwa chake ntchito yowerenga nyama imagona pa funso limodzi: zomwe sitinazione ndi zingati?

Ku Peckham, kum'mwera kwa London, ambiri ogwira ntchitoyi ndi anthu ongodzipereka. Chakumapeto kwa Januwale chaka chilichonse, bungwe la RSPB limapempha anthu kukhala ola limodzi m'munda mwawo kapena m'paki ngati Peckham Rye, kuwerenga mbalame. Mwambowu unayamba mu 1979. Lamulo lake ndi lakuti ulembe chiwerengero chachikulu chomwe waona nthawi imodzi, kuopa kuwerenga mbalame imodzimodziyo kasanu.

Alipo ena odziwa bwino kulira kwa mbalame, omwe amachita kafukufuku wa Breeding Bird Survey amene anayamba mu 1994. Aliyense amapatsidwa dera la kilomita imodzi mbali zonse, n'kuliyendera kawiri m'mawa m'nyengo yoswana. Samangolemba mtundu wa mbalame, amalembanso mtunda womwe ili: mkati mwa mamita 25, pakati pa 25 ndi 100, kapena kupitirira apo. Mbalame zakutali zimaphonyeka kwambiri, ndipo kuchepa kwake m'kaundula ndi komwe kumathandiza akatswiri a masamu kuyerekeza zomwe zinaphonyedwa.

Kwathu ku Malawi ntchitoyi imachitikanso m'mwamba. Ku Liwonde, komwe bungwe la African Parks linayamba kuyang'anira mu 2015, owerenga amakwera ndege m'chilimwe, masamba atayoyoka. Komabe njovu yoima pansi pa mtengo siioneka, ndipo mvuu za mumtsinje wa Shire zimamira n'kuyandama mosinthana. Ku Nkhotakota, komwe anasamutsirako njovu pafupifupi 500 mu 2016 ndi 2017, mitengo ya miombo ndi zigwa zimabisa zambiri. Apa m'pamene alonda oyenda pansi amafunika, odziwa kusiyanitsa ndowe za lero ndi za sabata yatha, komanso makamera omangirira kumitengo ojambula akambuku usiku.

Womaliza pa mndandanda wa ogwira ntchitoyi amakhala pa kompyuta. Mu 2002 Darryl MacKenzie ndi anzake anafalitsa njira yoyerekezera malo omwe nyama ilipo ngakhale sinaoneke. Chinsinsi chake ndi kubwerera pamalo amodzi kangapo. Ngati mwayi woona nyama pa ulendo umodzi uli theka, maulendo atatu amasiya mwayi umodzi wokha pa 8 woti muiphonye.

Ntchitoyi imafuna kuleza mtima ndi chilungamo. Tsiku lomwe sanaone kanthu, wowerenga wabwino amalemba ziro, ola lomwe anafika ndi momwe kunja kunachera. Ziro ameneyo akasowa m'kaundula, masamu amasokonekera, ndipo akuluakulu a zankhalango amatha kutumiza alonda ndi ndalama kumalo olakwika.