Cara Cara: lalanje lofiirira m'kati, lopanda njere

Mukaliona pa mtengo simungalisiyanitse ndi anzake. Khungu lake n'lachikasu, kumunsi kuli kamchombo kaja kamene malalanje a mtundu wa navel amadziwika nako. Koma mukangolidula pakati, mnofu wake ndi wofiirira ngati wa gwafa, wotsekemera, wosawawasa kwenikweni. Dzina lake ndi Cara Cara.

Dzinali ndi la munda wina wa ku Valencia m'dziko la Venezuela, Hacienda Caracara, kumene lalanjeli linapezeka mu 1976 pa mtengo wa Washington navel. Palibe amene analipanga. Nthambi inangosintha yokha n'kuyamba kubala zipatso zofiirira, ndipo kufiirako kumachokera ku lycopene, yemweyo amene amafiiritsa tomato ndi mavwende. Lero limalimidwa ku California, ndiponso ku South Africa kumene amalitumiza kumisika yakunja.

Wofuna kukhala ndi mtengowu pakhomo adziwiretu kuti njere zake n'zosowa. Njira yake ndi kumezanitsa: amatenga diso pa nthambi ya Cara Cara n'kulilowetsa pa tsinde la mbande ina yolimba, kawirikawiri ya mandimu. Choncho nkhani yonse yagona pa mbande imene mwagula. Funsani pa nazale yodalirika kapena kwa mlangizi wa zaulimi, ndipo muone ndi maso anu pomwe analumikiza. Kubisa nthambi m'chikwama pochokera ku Joni ndi kuitana matenda, makamaka aja a citrus greening amene alibe mankhwala, ndipo akalowa sasankha kuti uwu ndi mtengo wanu, awa ndi manachesi a mnansi. Mbewu zodutsa m'malire zimafuna chilolezo cha boma.

Mbande ikapezeka, isankhireni malo owomba dzuwa tsiku lonse, posadikha madzi. Kumbani dzenje la masentimita 60 mbali zonse, musakanize dothi lapamwamba ndi manyowa owolerana bwino. Pobzala, polumikizira paja pakhale pamwamba pa dothi. Apa ndi pamene mitengo yambiri imatayikira. Mphukira zotuluka kumunsi kwa polumikizirapo ndi za mandimu aja, zimakula mwamphamvu, zaminga, ndipo mwini wake amasangalala kuti mtengo ukukondwa. Zikasiyidwa zimalanda chakudya chonse, ndipo patapita zaka munthu amathyola mandimu pamene ankayembekezera malalanje. Zithotholeni zikadali zanthete.

M'chilimwe muzithirira mokwanira, makamaka mtengo ukamachita maluwa ndi kumanga tizipatso, chifukwa ludzu limayoyola zipatso. Phimbirani pansi ndi udzu wouma, koma usakhudze tsinde, poopa chiswe ndi kuola. Masamba anthete akayamba kupiringizika kapena kutuluka timatuza, yang'anani kunsi kwake. Tizilombo toyamwa timabisala kumeneko.

Mtengo womezanitsa umayamba kubala pakatha zaka zitatu kapena zinayi. Zipatso zoyambirira ndi bwino kuzichotsa kuti nthambi zikhwime kaye, ngakhale mtima umakana. Chinanso, mtunduwu nthawi zina umabwerera kwawo: nthambi imodzi imatha kubala malalanje achikasu m'kati monga a kholo lake lija. Nthambi yotero idulidwe, ndipo pofuna kumezanitsa mbande zina, maso atengedwe pa nthambi yokhayo imene chipatso chake mwachidula n'kuona kuti n'chofiirira.