Mbira ikamalira pokodza, madzi ndi mwala ndizo zoyamba kuganizira

Pali bodza lomwe lamaliza mbira zambiri m'makola ndi m'makhitchini mwathu, loti mbira sizimwa madzi. Mwana akapatsidwa mbira ziwiri ndi amalume ake amauzidwa kuti azingozithyolera udzu ndi kholowa, zamadzi asavutike nazo. Ndiye tsiku lina yamphongo ija imayamba kukhala chonyonyomala, kulira mopyapyala nthawi iliyonse ikafuna kukodza, pa utuchi n'kumaoneka timadontho tofiira. Pakatha masiku awiri yafa, a pakhomo n'kumati yadya udzu wa mame.

Kawirikawiri chomwe chaipha ndi mwala wa m'chikhodzodzo, ndipo chiyambi chake chili m'mene thupi la kanyamaka limachitira ndi kashiamu. Matumbo a munthu kapena galu amangotenga kashiamu yemwe thupi likumufuna, wotsalayo amapita ndi chimbudzi. Mbira, monganso kalulu, imayamwa kashiamu wochuluka wa m'chakudya chake, ndipo ntchito yotaya wosafunikayo imagwera impso. N'chifukwa chake mkodzo wa mbira yabwinobwino umakhala wambuu, ndipo ukauma umasiya zoyera ngati choko. Mkodzowu ulibenso asidi, pH yake imakhala cha pa 8 mpaka 9, ndipo m'madzi otere kashiamu sachedwa kugwirana n'kupanga timchenga ta calcium carbonate, chomwenso chimapanga chigoba cha dzira. Madzi akamadutsa okwanira, timchengato timakokoloka. Akachepa, timakhazikika pansi pa chikhodzodzo, timamatana, mpaka mwala.

Mwala wa mtunduwu susungunuka ndi mankhwala kapena kusintha chakudya, ngakhale miyala ina ya agalu ndi amphaka imatero. Ukakula, njira yake ndi opaleshoni basi. Kwa yaikazi mwala waung'ono umatha kutuluka wokha chifukwa njira ya mkodzo ndi yaifupi komanso yotakasuka. Ya mphongo ndi yaitali ndi yopapatiza, choncho mwala ukatsekereza, mkodzo umabwerera ku impso ndipo nthawi yoipulumutsa imawerengedwa m'maola.

Mbira yaikulu imalemera pafupifupi kilogalamu imodzi, ndipo imafuna madzi okwana mamililita pafupifupi 100 pa tsiku. M'dzinja, masamba aawisi amabisa ludzuli, ndipo bodza lija limaoneka ngati loona. Koma nanga mu Okutobala, pomwe udzu wauma ndipo m'mbale muli madeya okhaokha? Kumana chiweto madzi m'nyengo yotere ndi nkhanza, ngakhale wochitayo akhale kuti anamva kwa akuluakulu. Bonongwe ndi sipinachi nazo zisakhale ndiwo za tsiku ndi tsiku chifukwa cha kashiamu ndi oxalate, chimodzimodzi msipu wa lucerne womwe oweta a ku South Africa ndi ku Britain amagula m'masitolo a ziweto.

Si kufiira kulikonse kwa mkodzo komwe ndi magazi, pakuti masamba ena amaupatsa mtundu. Kukakhala pamodzi ndi kulira kapena kukana chakudya, m'pamene pali vuto. Apa pamabweranso chizolowezi china choopsa, chogula makapisozi pa golosale n'kusungunulira chiweto. Amoxicillin, ampicillin ndi penicillin amapha tizilombo tabwino ta m'matumbo a mbira, toipa ngati Clostridium n'kuchulukana, mbira n'kufa ndi kutsegula m'mimba. Mankhwala oyenera alipo, koma owadziwa ndi dokotala wa ziweto, monga a ku LSPCA ku Lilongwe, kapena mlangizi wa ziweto wa m'dera.

Mbali ya ubereki ili ndi misampha yakeyake. Mbira imatenga bere kwa masiku 59 mpaka 72, nthawi yaitali zedi kwa kanyama ka msinkhu wotere, ndipo ana amabadwa aakulu, ali ndi ubweya, mano, maso ali chipenyere. Kuti adutse, mafupa awiri a m'chiuno omwe amakumana kutsogolo amayenera kutalikirana ndi masentimita awiri kapena atatu. Polumikizira pakepo pamakhala pofewa mbira ikadali yaing'ono, koma ikadutsa miyezi isanu ndi umodzi kapena isanu ndi iwiri isanaberekepo, pamayamba kuuma. Yaikazi yomwe yakhala yokha chaka chathunthu kenako n'kuibweretsera yamphongo kuti isasungulumwe, ikhoza kulephera kubereka n'kufa pamodzi ndi ana. Yonenepa kwambiri ikasiya kudya m'masabata awiri omaliza a bere, magazi ake amadzadza poizoni wochokera ku mafuta a m'thupi, ndipo ndi zochepa zomwe zimachira.

Zaikazi zosabereka nazo sizili pa mtendere. Zambiri zikapitirira chaka ndi theka zimatuluka zotupa zamadzi m'mabasiketi a mazira. Chizindikiro chodziwika ndi ubweya wosothoka mofanana m'nthiti zonse ziwiri popanda kuyabwa, mimba yotupa ndi mawere a nkhanambo. Oweta ambiri amathamangira mankhwala a nthata, pomwe vuto lili m'kati ndipo limatha ndi opaleshoni yochotsa mabasiketiwo. Zamphongo zokalamba zimafuna kuziyang'ana kumaliseche, komwe ubweya ndi utuchi zimatha kukulunga chokodzera.

M'khola momwe zonse zimagona pamodzi, yaikazi imatha kutenganso bere patangopita maola ochepa itabereka, ndipo mwana wamkazi amatha kutenga lake ali ndi mwezi umodzi wokha. Yamphongo ichotsedwe bere lisanafike kumapeto, ndipo ana aamuna apatulidwe akakwana masabata atatu.