Mandimu mu saladi sangakutetezeni ku matenda a m'mimba

Kolera atavuta mu Lusaka kumayambiriro kwa 2024, bwalo la masewera la National Heroes linasanduka chipatala, sukulu zinachedwa kutsegulidwa mpaka pa 12 Febuluwale, ndipo pamene mliriwo unkazilala anthu oposa 20,000 anali atadwala, oposa 700 atamwalira m'dziko lonse la Zambia. Nduna ya zaumoyo pa nthawiyo, mayi Sylvia Masebo, amene analinso phungu wa Chongwe, ankangokhalira kuchenjeza za madzi akumwa, zimbudzi ndi zakudya za m'misewu. Mliri unapita, koma unasiya chikhulupiriro chimene chikukana kutha: chakuti ukangofinyira mandimu pa chakudya chachiwisi, basi tizilombo tonse tafa.

Ku Palabana, kum'mawa kwa Lusaka m'boma la Chongwe, nkhaniyi si yapatali. Derali limadziwika ndi sukulu yophunzitsa ulimi wa ng'ombe za mkaka, komanso kuli madimba amene masamba ake amakathera pamsika wa Soweto ndi m'makhitchini a mu mzinda. Kale anali repu, kabichi, tomato ndi anyezi, zonse zokalowa mumphika. Lero pawonjezeka letesi, nkhaka ndi koriyanda, amene ogulitsa ambiri amamutcha dhania, ndipo izi zimadyedwa zosaphika. Amene analawako saladi m'malesitilanti a ku Manda Hill kapena East Park amafuna akakonze yekha kunyumba msuzi wobiriwira uja wothira pamwamba. Kakonzedwe kake n'kosavuta. Mtolo umodzi wa koriyanda, madzi a timandimu tiwiri kapena titatu tobiriwira tija, adyo, mchere, uchi pang'ono, mafuta ophikira, ena n'kuwonjezera yogati kapena peyala lakupsa kuti ukhale wokhuthala. Amapera zonse pamodzi mu blender kapena kusinja mu kamtondo. Ndi wokoma, palibe wotsutsa. Vuto limayamba wina akafunsa ngati masambawo anatsukidwa ndi madzi abwino, yankho n'kukhala lakuti musadandaule, muli mandimu.

Bodza limeneli ndi louma mutu chifukwa lili ndi kachoonadi mkati mwake, ndipo kachoonadiko n'kochititsa chidwi.

Kachilombo ka kolera, Vibrio cholerae, kamadana ndi asidi kuposa mabakiteriya ambiri otsegula m'mimba. Asayansi amayeza kuwawasa kwa chinthu ndi muyezo wa pH. Madzi oyera amakhala pa 7. Nambala ikamatsika, asidi akuchuluka, ndipo sitepe iliyonse ndi kuchuluka ka 10: chinthu cha pH 3 chili ndi asidi wochuluka ka 10 kuposa cha pH 4, ka 100 kuposa cha pH 5. Madzi a mandimu osasungunula ali pakati pa 2 ndi 2.5. Kachilombo ka kolera kamasangalala cha m'ma 8, mbali imene kulibe asidi, moti a mulabotale akafuna kukapeza m'chimbudzi cha wodwala amakaika m'madzi a pH pafupifupi 8.5, momwe mabakiteriya ena amafooka iko kakuswana. Pansi pa 4.5 kamayamba kufa. Chimachitika n'chakuti tizidutswa ta haidrojeni timene timapanga asidi timalowerera mkati mwa selo la kachilomboko, mapuloteni amene amayendetsa moyo wake n'kupindika, n'kusiya kugwira ntchito.

N'chifukwa chake chitetezo choyamba cha munthu ndi asidi wa m'mimba mwake. Pa kafukufuku amene anachitika ku America, anthu athanzi odzipereka ankafunika kumeza tizilombo mamiliyoni 100 kapena kuposa kuti adwale, koma atayamba amwa soda wochepetsa asidi, tizilombo tochepa kwambiri tinkakwanira. Ngakhale Max von Pettenkofer, katswiri wa ku Munich amene mu 1892 anamwa dala madzi odzaza tizilombo ta kolera pofuna kutsutsa Robert Koch, amene ankati tizilomboti ndi timene timayambitsa matendawa, anayamba wamwa soda kuti pasapezeke wonena kuti asidi wa m'mimba ndiye wamupulumutsa. Anatsegula m'mimba koma sanafe. Apa pali phunziro kwa amene amamwa mankhwala a zilonda za m'mimba ndi a kutentha pamtima tsiku ndi tsiku: pa nthawi ya mliri, iwo ali pachiopsezo chachikulu kuposa anzawo.

Ku Africa konkuno umboni ulipo. Pa mliri wa ku Conakry m'dziko la Guinea mu 1986, ofufuza anapeza kuti mabanja amene ankadya msuzi wa mtedza wotsala, wosatenthetsanso, ankadwala kwambiri kuposa amene ankadya msuzi wa tomato. Mtedza suwawasa, tomato amawawasako. Ife odya ndiwo zotendera, zimene nthawi zina zimagona mumphika n'kudyedwa zozizira m'mawa ndi mkute, tiyenera kumva bwino pamenepa. Ku Guinea-Bissau, pa miliri ya m'zaka za m'ma 1990, gulu la ofufuza lotsogoleredwa ndi Amabelia Rodrigues linaona kuti kuthira madzi a mandimu mu msuzi wodyera mpunga kunkachepetsa kolera m'mabanja, ndipo linatsimikiza zomwezo mulabotale. Ku Costa Rica nako, Leonardo Mata ndi anzake anaonetsa mu 1994 kuti madzi a mandimu amapha kachilomboka pa kabichi ndi letesi.

Ndiye vuto lili pati? Lili pa zinthu zimene ofalitsa uthengawu amazidumpha, kaya mwadala kaya mosadziwa.

Choyamba, msuzi umene uli mu botolo lanu si madzi a mandimu okhaokha. Masupuni atatu a mandimu asakanikirana ndi theka la kapu ya mafuta, yogati, peyala ndi masamba opera. Zonsezi zimakweza pH. Ndiye tayang'anitsitsani zimene zimachitika m'mbale. Tsamba la letesi lili ndi khungu lokhala ngati phula, limene limakana madzi. Mukathira msuziwo, mafuta ndiye amamatirira tsambalo n'kuliphimba, pomwe madzi a mandimu amakhala timadontho tobalalika, ena n'kutsetsereka mpaka pansi pa mbale. Tizilombo tili m'makwinya a tsamba, m'timabowo timene limapumira, ndi m'malo amene mpeni wadula. Asidi safikako. Ndipo saladi amathiridwa msuzi pa tebulo, n'kudyedwa nthawi yomweyo, chifukwa ukachedwa masamba amafota. Wa mulabotale amamiza masamba m'madzi a mandimu enieni n'kuwerenga nthawi. Wa kukhitchini amawaza n'kudya.

Chachiwiri ndi chachikulu. Kolera si yekha amene amabwera ndi masamba aawisi, ndipo anzake saopa mandimu. Mtundu wa E. coli wotchedwa O157:H7 umakhala m'matumbo a ng'ombe popanda kuidwalitsa, n'kutuluka ndi ndowe. Kwa munthu umayambitsa kutsegula m'mimba kwa magazi, ndipo kwa ana ang'ono ungathe kuwononga impso. Kachilomboka kamapirira kwa maola angapo pa pH 2.5, asidi amene ka kolera sikangapirire. Mmene kamachitira n'zodabwitsa. Asidi akayamba kulowa m'selo, iko kamakoka kuchokera kunja chinthu chotchedwa glutamate, chimene chimapezeka m'zakudya zambiri. Mkatimo muli puloteni imene imasintha glutamate kukhala chinthu china, ndipo posinthapo imameza kachidutswa kamodzi ka haidrojeni. Chinthu chatsopanocho chimaponyedwa kunja, pa khomo lomwelo n'kulowa glutamate wina, ntchito n'kuyambiranso. Zili ngati msodzi amene akukapa madzi m'bwato lobooka: bola asatope, bwato silimira. Shigella, amene amayambitsa kamwazi, ali ndi nzeru yomweyi. Pa chifukwa chimenechi tizilombo timeneti timadutsa asidi wa m'mimba bwinobwino, ndipo 10 kapena 100 tokha tingathe kugwetsa munthu wamkulu. Ku America mu 1996 ana anadwala, mmodzi n'kumwalira, atamwa juwisi wa maapozi wosawiritsa momwe munali O157:H7, juwisi amene ndi wowawasa kale. Kachilombo kopirira asidi wa m'mimba mwa munthu kangaope masupuni atatu a mandimu osakaniza ndi mafuta?

Za mazira a njoka za m'mimba ndiye osanena. Chigoba chake n'cholimba moti amakhala m'dothi zaka ali amoyo.

Koriyanda mwiniwakeyo ali ndi mbiri yake. Kuyambira 2013 mpaka 2015, anthu mazanamazana ku America anadwala matenda otsegula m'mimba otenga masabata, oyamba ndi kachilombo kotchedwa Cyclospora, ndipo ena mwa odwala a ku Texas anapezeka kuti anadya koriyanda wochokera ku Puebla m'dziko la Mexico. Oyendera minda a bungwe la ku America loona za zakudya ndi mankhwala la FDA anakapeza zonyansa za anthu ndi mapepala a kuchimbudzi m'minda momwemo, kwina kopanda madzi ndi sopo wosambira m'manja. Mu 2015 bungweli linayamba kutsekereza koriyanda wa kumeneko kuyambira Epulo mpaka Ogasiti chaka chilichonse. Koriyanda wotereyu nthawi zambiri amadyedwa mu zakudya za chi Mexico, zimene sizisowa mandimu. Sanathandize. Cyclospora safa ngakhale ndi klorini wa mlingo umene timathira m'madzi akumwa.

Pali bodza lina laling'ono limene limayenda ndi loyambali, lakuti koriyanda payekha ndi mankhwala opha mabakiteriya. Linachokera pa kafukufuku weniweni wa mu 2004, pamene Isao Kubo wa pa University of California ku Berkeley anapeza kuti chinthu china cha m'masambawa, dodecenal, chimapha Salmonella m'mbale ya mulabotale. Chinthucho anachita kuchiyenga n'kuchiika chokha. Mu mtolo wa pamsika chilimo chochepa zedi, ndipo koriyanda yemweyo wakhala akuchotsedwa m'masitolo a ku America atapezeka ndi Salmonella.

Chimene chimandipsetsa mtima pa nkhani ya mandimuyi si saladi yekha ayi. Munthu amene wakhulupirira kuti mandimu amapha kolera m'mbale, amakhulupiriranso kuti amupha m'mimba. Mwana akayamba kutsegula zamadzimadzi, ngati madzi otsukira mpunga, amayamba kum'finyira mandimu, ena kuwonjezera adyo ndi jinja, usiku n'kutha. Pamenepo kachilombo kadutsa kale asidi wa m'mimba, kali m'matumbo aang'ono momwe mulibe asidi, kakutulutsa poizoni amene amachititsa thupi kukhetsa madzi ndi mchere. Munthu wamkulu angathe kutaya lita imodzi pa ola. Kolera amapha m'maola ochepa, koma wodwala akalandira ORS kapena diripi msanga, omwalira sakwana mmodzi pa 100 alionse. Pa mliri wa 2024 anali pafupifupi atatu pa 100, ndipo ambiri anafera kunyumba kapena panjira. Ku Malawi nako, mliri umene unayamba mu Malichi 2022 unapha anthu oposa 1,700. Amene amatumiza uthenga wa mandimu pa WhatsApp, kaya amuna kaya amayi a mtima wabwino, adziwe kuti akuchedwetsa anthu kupita kuchipatala.

Vuto lenileni lili pa madzi, manyowa ndi manja. Mtsinje wa Ngwerere, umene umalandira madzi otuluka m'malo oyeretsera zonyansa za mu Lusaka usanakathire mu mtsinje wa Chongwe, umathirira madimba ambiri m'mbali mwake. Wogula pa Soweto sangadziwe kuti mtolo uwu wachokera pa dimba lothiriridwa ndi madzi a pa mjigo ku Palabana kapena kwina. Tayang'anani mtolo wa koriyanda pa benchi. Amazula ndi mizu yomwe kuti asafote, dothi likadali m'mizumo, n'kumanga ndi kachingwe. Dzuwa likakwera wogulitsa amaviika dzanja mu ndowa n'kuwaza masamba kuti aoneke atsopano. Ndowa yomweyo yatsukira tomato kuyambira m'mawa, dzanja lomwelo lalandira ndalama tsiku lonse. Sindikuwanena amayi amenewa, pakuti mpopi pamsika sanaike ndi iwo. Koma chimenecho ndicho chimafika kukhitchini, ndipo mukachipera mu blender osatsuka bwino, mwamwaza dothi la m'mizu mu botolo lonse.

Zoyenera kuchita n'zodziwika kale. Dulani mizu, tsukani tsamba lililonse ndi madzi owiritsa kapena othira klorini, sambani m'manja ndi sopo, ndipo msuzi wa yogati usagone kunja kwa firiji. Kolera akabuka m'dera, siyani kaye zaziwisi. Koriyanda mungathe kumuviika m'madzi obwadamuka kwa kanthawi musanapere, kapena kumuthira mumphika ndiwo zili pafupi kuphulidwa. Mandimu thirani, amakometsa ndipo ali ndi vitamini C.

Gawo lalikulu lili kwa mlimi, makamaka kudera la ng'ombe za mkaka ngati Palabana, kumene ndowe ndi yosasowa ndipo feteleza ndi wodula. Malamulo a ulimi wosagwiritsa ntchito mankhwala ku America amati pakati pa kuthira ndowe yaiwisi ndi kukolola mbewu imene imakhudza dothi pazidutsa masiku 120. Koriyanda amazulidwa patatha masabata 6 kapena kucheperapo chidzalireni, letesi miyezi iwiri. Choncho ndowe yochoka m'khola lero siyenera kupita pa bedi la masamba odyedwa aawisi. Iyambe yaunjikidwa pa mulu, izitembenuzidwa mpaka itatentha mkati n'kuwolerana, ndipo pothirira madzi azipita pansi pa mbewu, osati pamwamba pa masamba.