Malungo ndi Asilikali: Kucokera ku Burma Kufikira Lero

Akulu amene anabwera ku nkhondo ya ku Burma, posimba za ulendo wao kumudzi, anali kutchula mvula, matope, misundu, ndiponso kam'bulu kacikasu kowawa kamene sajeni anali kuwamwetsa tsiku ndi tsiku ali pamzere. Nkhani ya kam'bulu kameneka njofunika kwa madotolo a asilikali ndi onse owathandiza m'zipatala za m'kampu, pakuti nthenda imene kanali kulimbana nayo ikalipobe.

Oyamba kuzindikira gwero la malungo anali madotolo a asilikali. Caka ca 1880 Alphonse Laveran, dotolo wa asilikali a Afalansa ku Algeria, anaona tizirombo ta malungo m'mwazi wa wodwala. Ndipo caka ca 1897 Ronald Ross, wogwira nchito ndi asilikali ku India, anatipeza m'mimba mwa udzudzu. Komabe nzeru zimenezi sizinaletse mabvuto amene anadza pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse. Mankhwala odalirika masiku amenewo anali kwinini, wocokera ku makungwa a mtengo wa cinchona, ndipo kwinini wambiri wa pa dziko lapansi anali kucokera ku cisumbu ca Java. Ajapani atalanda Java m'mwezi wa March 1942, mankhwalawo anasowa.

William Slim, kazembe wa gulu lalikulu lotchedwa Fourteenth Army, anawerenga cimene cinali kumthera asilikali. Caka ca 1943, pa munthu mmodzi wocotsedwa ku nkhondo cifukwa ca bala, anthu 120 anali kucotsedwa cifukwa ca matenda. Ndipo ciwerengero ca odwala malungo pa caka cinafika 84 pa asilikali 100 ali onse. Zikadapitirira cotero, gulu lonse likadasungunuka lokha.

M'malo mwa kwinini anatenga mepacrine, amene ena anali kumutcha Atebrin, mankhwala opangidwa ndi Ajeremani zaka zingapo nkhondo isanayambe. Neil Hamilton Fairley, dotolo wa asilikali a Australia, anawayesa ku Cairns kuyambira caka ca 1943. Asilikali odzipereka okha anabvomera kulumidwa ndi udzudzu wa malungo, ena akumwa mankhwala, ena osamwa. Cotsatira cace cinali coonekeratu: m'bulu umodzi wa mamiligalamu 100 tsiku liri lonse, wosadumpha, uletsa malungo kubuka, ngakhale munthuyo atope ndi ulendo kapena agone m'cisanu. Cotero ponse pamene malungo anabuka pakati pa asilikali opatsidwa mepacrine, kunali koyenera kufunsa ngati anali kumwadi.

Ndipo ambiri sanali kumwa. Nkobvuta kumwetsa mankhwala munthu amene sakumva kupweteka pali ponse. Mepacrine anali kuwawa, anali kusandutsa khungu cikasu, ndipo m'makampu munawanda mbiri yakuti athetsa mphamvu za umuna. Mbiriyo inali yabodza, koma mnyamata woganiza zobwerera kwao kukamanga banja sanafune kuyesa mwai wace. Mibulu yambiri inathera m'thengo.

Apa Slim anacita canzeru. Anaona kuti dotolo angathe kulangiza, koma wolamula msilikali ndiye mkulu wa gulu lace. Anayamba kutumiza madotolo modzidzimutsa kukayesa gulu lathunthu, kuona ngati mankhwala alimo m'thupi mwa munthu ali yense. Akapeza kuti omwa sakufika 95 pa 100, wocotsedwa pa udindo anali mkulu wa gululo. Akulu atatu okha anacotsedwa cotero, ndipo kumwa mankhwala kunasanduka lamulo lolimba monga kutsuka mfuti. Analamulanso kuti dzuwa likalowa munthu abvale malaya a manja atali ndi buluku lalitali, agone m'masikito, ndipo asakasambe kumtsinje usiku.

Cinthu cina cimene anakonza ndico zipatala za malungo pafupi ndi malo a nkhondo. Kale wodwala anali kutumizidwa kutali ku India, ndipo panali kupita miyezi asanabwerere ku gulu lace. Ndi zipatala zatsopanozi anali kubwerera patapita masabata ngati atatu. Pofika caka ca 1945 odwala ocotsedwa pa tsiku anatsika kucokera 12 pa 1,000 kufikira mmodzi pa 1,000.

Asilikali a maiko atatu ano analowa pakati pa zimenezi. A Keyala ocokera ku Nyasaland, dziko limene lero ndi Malawi, pamodzi ndi a Northern Rhodesia Regiment, anali m'gulu la 11th East African Division, limene linatsika cigwa ca Kabaw pa dzinja la 1944 ndi kufika ku Kalewa, pa mtsinje wa Chindwin, kuciyambi kwa December. A Rhodesian African Rifles anamenya nkhondo yao ku Arakan caka ca 1945. Cigwa ca Kabaw cinali ndi mbiri yoopsa ya matenda, ndipo cifukwa cimodzi cotumizirako anthu a ku Africa cinali ganizo lakuti malungo sawagwira kwambiri.

Ganizo limeneli liri ndi coonadi cocepa cabe, ndipo madotolo a lero ayenera kusamala nalo. Munthu wokulira kumene malungo ali ambiri, monga m'mbali mwa nyanja kapena m'cigwa ca Luangwa, thupi lace lizolowera kulimbana nao. Koma mphamvu imeneyi siikwanira, ndipo icepa munthu akakhalitsa kumene kulibe malungo. Wokulira kumtunda kozizira, monga ku Harare, alibe mphamvu yotere. Ndiponso ku Kabaw kunali nthenda ina imene siinasankhe mtundu wa munthu, yotchedwa scrub typhus, yofalitsidwa ndi tizirombo tating'ono tonga utitiri tokhala m'maudzu. Inalibe mankhwala, cotheka cinali kupaka mafuta othamangitsa tiziromboto pa zobvala ndi kusamala wodwala. Mankhwala ace oyamba, chloramphenicol, anayesedwa ku Malaya caka ca 1948, ndipo lero aciritsa nthendayi ndi doxycycline.

Mepacrine analekeka nkhondo itatha, nalowa m'malo mwace chloroquine. Iyenso tizirombo tinamzolowera, kotero kuti Malawi anamsiya caka ca 1993, woyamba mwa maiko a mu Africa kutero. Mankhwala ociritsa malungo lero, amene ku Malawi awatcha LA ndipo ku Zambia ndi Zimbabwe Coartem, nawonso anabadwa ndi nkhondo: caka ca 1967 boma la China linayamba kufufuza mankhwala othandiza asilikali a ku North Vietnam, ndipo m'nchito imeneyo mai Tu Youyou ndi anzace anapeza artemisinin m'citsamba. Kwa wodwala mwakayakaya jekeseni woyamba tsopano ndi artesunate, pakuti apulumutsa anthu ambiri koposa kwinini.

Asilikali a Malawi anatumizidwa ku Congo m'gulu lapadera la United Nations caka ca 2013, ndipo a Zambia ku Central African Republic caka ca 2015, maiko a malungo ambiri. Dotolo wokonza ulendo wotere ali ndi mankhwala angapo oletsa malungo oti asankhepo, ndipo ali onse ali ndi bvuto lace. Doxycycline amwedwa tsiku ndi tsiku, ndipo ayenera kupitirizidwa masabata anai munthu atacoka ku malo a malungo. Apa ndi pamene ambiri alekera, ali pa tchuti kumudzi, kutali ndi maso a sajeni. Mefloquine amwedwa kamodzi pa sabata, koma ena awalotetsa maloto oipa ndi kuwasokoneza maganizo, cinthu coopsa kwa munthu wonyamula mfuti. Sayenera kupatsidwa kwa amene anadwalapo nthenda ya maganizo. Tafenoquine, wobvomerezedwa ku America caka ca 2018, nayenso ngwa kamodzi pa sabata, ndipo apha tizirombo tobisala m'ciwindi. Koma aononga mwazi wa munthu woperewera cinthu cotchedwa G6PD. Kuperewera kumeneku nkobadwa nako, ndipo kupezeka mwa amuna ambiri a mu Africa, cotero nkulakwa kwakukuru kupereka mankhwalawa mwazi usanayesedwe.

Palinso mbiri ina yodetsa nkhawa. Tizirombo tocedwa kufa ndi artemisinin tinayamba kuoneka m'malire a Cambodia ndi Thailand, tinapezekanso ku Burma, dziko limene lero ndi Myanmar, ndipo totere tinadziwika ku Rwanda caka ca 2020 ndi ku Uganda caka ca 2021. Cifukwa cace msilikali wobwera ku ulendo akatentha thupi ayenera kuyesedwa mwazi tsiku lomwelo, ndi kufunsidwa dziko limene anali. Akamaliza mibulu yonse ya masiku atatu koma thupi likatenthabe, dotolo ayesenso mwazi ndi kudziwitsa akulu a nchito yolimbana ndi malungo m'dziko lace.