Tinambala ta pamwamba pa mzere: kulemba pamanja osasokoneza buku

Ntchito yanga ndi kukonza zolemba za anthu zisanapite kosindikiza. Olemba mabuku a mbiri ndi ophunzira a kuyunivesite akandiimbira ali ndi nkhawa, nthawi zambiri nkhani imakhala ya kanambala kakang'ono kamene kamakwera pamwamba pa mzere kumapeto kwa chiganizo. Kanambala kameneka kamatumiza wowerenga kumapeto kwa mutu kapena kwa buku lonse, kumene wolemba waika umboni wa zimene wanena. Manotsi akumapetowa pantchito timawatcha ma endnote, ndipo a m'munsi mwa tsamba ndi ma footnote. Mutu umawawa pamene ofalitsa buku alemba m'malangizo awo kuti manambalawo alembedwe pamanja, asaikidwe ndi kompyuta.

Choyamba mudziwe chimene Microsoft Word imachita. Mukapita pa References n'kudina Insert Endnote, kapena mukakanikiza Ctrl+Alt+D, nambala imene imaoneka sinalembedwe ngati zilembo zina zonse. Ndi chizindikiro chomangidwa ku notsi yake, ndipo Word imangowerenga kuti chizindikirochi ndi chachingati kuyambira poyamba. Mukalowetsa notsi yatsopano pakati pa 4 ndi 5, yatsopanoyo imakhala 5, yakale ija n'kukhala 6, onse otsatira n'kusuntha okha. Zili ngati pamzere wa kuchigayo: wina akalowa pakati, aliyense wa kumbuyo malo ake asintha ngakhale sanasunthe phazi. Ambiri amadabwanso kuona i, ii, iii m'malo mwa 1, 2, 3. Umo ndi mmene Word imayambira ma endnote, ndipo zimasinthika pa Number format m'kabokosi ka manotsi.

Nanga chinthu chothandiza chonchi ena amachikaniranji? Nthawi zambiri buku silisindikizidwa kuchokera mu Word. Limasamutsidwira m'pulogalamu yoyalira masamba, makamaka Adobe InDesign. Pulogalamu imeneyi inayamba kudziwa ma footnote mu 2005, koma ma endnote inadzawadziwa mochedwa, mu 2017. Zaka zonse zapakatizo oyala masamba ankalimbana nawo, ndipo ofalitsa ena anangoti bola wolemba atumize manambala wamba amene sangasowe kapena kusintha panjira. Malangizo ena a nthawi imeneyo alipobe mpaka lero. Enanso amafuna manotsi m'fayilo yakeyake. Komatu ofalitsa ambiri masiku ano, kuphatikizapo otsatira Chicago Manual of Style, amafuna manotsi oikidwa ndi Word yomweyo. Choncho ngati malangizo sananene za pamanja, musadzipatse ntchito. Ine wolemba akanditumizira manotsi mazana awiri olembedwa pamanja popanda amene wamupempha, ndimadziwiratu kuti sabata imeneyo maso andiwawa.

Akakupemphani, langizo langa ndi limodzi: ntchitoyi ikhale yomaliza. Lembani buku lonse ndi manotsi a kompyuta, likonzeni mpaka mutakhutira. Ngati munatsegula Track Changes, vomerezani kapena kanani zosintha zonse, chifukwa notsi yofufutidwa imene simunavomereze imagwirabe nambala yake, ndiye mumaona 11 akutsatidwa ndi 13. Kenako sungani fayilo ina ya dzina latsopano yogwirirapo ntchitoyi, ndipo yoyamba ija muisunge ngati PDF kuti muzionerapo manambala olondola.

Tsopano chinsinsi chenicheni: yambirani kumapeto kubwerera kumayambiriro. Mukayamba kuchotsa notsi 1, imene inali 2 imasanduka 1 nthawi yomweyo, ndipo pofika pakati pa mutu simudziwanso kuti nambala yoona ndi iti. Mukayambira yomaliza, za kumayambiriro sizigwedezeka. Pa notsi iliyonse, yambani mwakopera mawu ake n'kuwaika pamndandanda wanu watsopano pansi pa mutu wakuti Manotsi. Mukatero m'pamene mufufute chizindikiro cha m'chiganizo chija. Musasinthanitse ndondomekoyi, pakuti kufufuta chizindikiro kumapita ndi notsi yonse, mawu ndi masamba a umboni omwe. Pamalo pakepo lembani nambala, isankheni, n'kukanikiza Ctrl, Shift ndi batani la = pamodzi kuti ikwere pamwamba. Onetsetsani kuti yakwera ndi nambala yokha. Mpata kapena mpumiro ukakwera nawo mwina simungauone pakompyuta yanu, koma woyala masamba adzaupeza.

Malo a nambala nawonso ali ndi lamulo lake. M'kalembedwe ka Chicago imabwera pambuyo pa mpumiro, mpatuliro kapena zizindikiro zotsekera mawu ogwidwa, popanda mpata pakati. Imatsogola pokhapokha ikakumana ndi kamzere kopatula maganizo m'chiganizo. Musaunjike manambala awiri pamalo amodzi. Ngati mfundo ili ndi maumboni awiri, onse alowe m'notsi imodzi.

Kumndandanda wa kumapeto nambala imalembedwa yaikulu bwinobwino, yotsatidwa ndi mpumiro. Apa pali msampha umene umakola ngakhale odziwa. Mukalemba 1, mpumiro ndi mpata, Word imaganiza kuti mukufuna mndandanda wodziwerengera wokha ndipo imayamba kukuikirani manambala, chinthu chomwecho chimene ofalitsa akukana. Kanikizani Ctrl+Z nthawi yomweyo, nambala ibwerera kukhala wamba.

Mukamaliza, tsegulani Find and Replace ndi Ctrl+H, lembani ^e n'kufufuza. Chikapezeka chilichonse, ndiye kuti endnote ya kompyuta yatsalira penapake. Ndipo ^f imagwira ma footnote. Kenako werengani manambala onse a m'mutu motsatana, mukuyerekeza ndi PDF ija, ndipo nambala yomaliza m'nkhani ifanane ndi yomaliza pamndandanda. Ngati malangizo akuti mutu uliwonse uyambirenso pa 1, chitani zimenezi mutu ndi mutu.

Ndiye pamakhala wolemba amene wapeza umboni watsopano fayilo itatumizidwa kale. Manambala a pamanja sasuntha okha, choncho notsi imodzi yolowa pa 23 ikutanthauza kusintha manambala onse otsatira, m'nkhani ndi pamndandanda pomwe. Ngati n'kotheka, umboniwo uphatikizeni m'notsi yoyandikana nayo imene ilipo kale. Zikakanika, musasinthe nokha mwakachetechete. Lemberani mkonzi wanu, mumuuze chiganizo chake ndi mawu a notsiyo, iye asankhe nthawi yoyenera kusuntha manambalawo pa fayilo imene ili m'manja mwake.